Matumba Khumi a Nelia

Chaka chija aliyense kuno ku Chinyunyu ali ndi dzina lake lochitchulira. Ena amati chaka cha dzuwa, ena amati chaka chimene mbuzi inkagulidwa ngati nkhuku. Pakhomo pathu timati chaka chimene amake Nelia anagulitsa chimanga. Amake Nelia ndine. Makolo anga anachokera ku Katete ndili kamwana, ndakulira m'mbali mwa msewu waukulu uno, ndinakwatiwa konkuno ndi a Tembo, ndipo tili ndi ana aakazi awiri. Nthawi imeneyo Malita anali ku sekondale, pamene Nelia, mwana wathu woyamba, ankalowa chaka chomaliza pa koleji ya unesi ku Lusaka.

Novembala

Anthu a m'tauni amalandira mwezi ndi mwezi. Ife ndalama yooneka timaigwira kamodzi pachaka, tikagulitsa chimanga. Miyezi ina yonseyo ndi ya tindalama ta pamsewu. Ndimayala matimati, nthochi kapena masuku patebulo langa lamitengo, basi ikaima ndithamange ndi beseni kumawindo. Tsiku labwino ndimabwera ndi K70. Tsiku loipa ndimabwera ndi matimati anga omwewo, atafewa.

Koleji ya Nelia inkafuna K6,000 pa temu iliyonse, matemu awiri pachaka, osawerengera pogona, chakudya ndi yunifomu. Pa zaka ziwiri zoyambazo tinagulitsa ng'ombe ziwiri, n'kutsala ndi ziwiri zolimira. Chimanga cha chaka chapitacho chinapita konko, kupatula matumba khumi ndi asanu ndi limodzi amene a Tembo anawasanjika okha m'chipinda chakumbuyo.

"Awa ndi a pakamwa," anatero. "Abwere ndani, abwere ndi ndalama zingati, awa sagulitsidwa."

Mnansi wanga ndi amake Kelevini, wa mtundu wa Asoli, wobadwira konkuno. Mwana wawo anamaliza koleji ya uphunzitsi zaka zitatu m'mbuyomo, ntchito osaitanidwa, ndipo ankakhala pamsewu kugulitsa petulo wa m'mabotolo. Tsiku lina tikusenda nshawa zambewu pakhonde pawo anandiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Amake Nelia, pepala silidyedwa. Ine ndinagulitsa ng'ombe zisanu. Pitani mukaone pepala la Kelevini, lili mu sutikesi, zikuliwerenga ndi mphemvu."

"Lili mu sutikesi, koma lilipo," ndinawayankha. "Tsiku loitana anthu likadzafika, sadzaitana amene alibe."

Pa wailesi ankanena kuti mvula ichepa, tibzale mbewu zocha msanga, tiikeko ndi mapira. Mawu otero tinawamvapo zaka zina, mvula n'kugwa bwinobwino. Tinabzala chimanga chathu chomwe chija, maekala asanu, mvula yoyamba itagwa kumapeto kwa mwezi.

Januwale

Chimanga ngati cha Januwale uja sindinachionepo chiyambire kulima. Chobiriwira mpaka kuda, mapesi onenepa ngati nzimbe. Feteleza wa ku kopaletivu tinathira pa nthawi yake. Ukalowa m'munda m'mawa unkatuluka chitenje chitanyowa mpaka m'chiuno.

Mwezi uli pakati, unabwera uthenga wakuti akulu awo a a Tembo amwalira ku Katete. Iwo ananyamuka tsiku lomwelo. Kumudzi kwawoko foni imagwira ukakwera pachulu, ndiye munthu ali pamaliro a m'bale wake sangamangokwera chulu.

Lachitatu Nelia anaimba.

"Amama, apachika mayina pakhoma. Aliyense wa ngongole alipire theka pofika Lachisanu. Wosalipira salembedwa chaka chino."

"Yathu yafika zingati?"

"Pamodzi ndi ya temu ino, K7,000. Theka lake ndi K3,500."

"Akapanda kukulemba?"

"Ndibwera kunyumba. Ndidzayambirenso chaka chamawa, ngati malo adzakhalepo."

Mawu ake anali owuma, a munthu amene walira kale n'kupukuta. Ndinaimbira a Tembo kasanu ndi kawiri, foni osalowa. Ndinavala nsapato n'kupita kumunda. Ndinayenda mzere ndi mzere, ndikugwira masamba, ndikuwerenga m'mutu. Matumba anali atatsala khumi ndi anayi. Pakhomo tinali anthu atatu. Matumba anayi akanatifikitsa Malichi, mwezi wodya chimanga chachiwisi, ndipo Epulo akamatha tikanakhala tikugaya chatsopano. Ndinabwereza masamuwo katatu, sanasinthe.

Pafupi ndi akasupe a madzi otentha pankaima kanta, galimoto yonyamula katundu, ya ba Mwansa, ogula chimanga ochokera ku Lusaka. Ankagula K350 thumba. Ndinawaitana Lachinayi m'mawa.

"Amai, mwaganiza bwino?" anandifunsa m'chinyanja chawo cha m'tauni. "Ba tate baziba?"

"Imene iyenera kuganiza bwino ndi sikelo yanuyo," ndinatero. "Yezani."

Anayeza matumba khumi. Ndalama sindinalowe nayo m'nyumba. Ndinapita nayo pa buthi ya ndalama za pa foni, n'kutumiza yonse. Madzulo Nelia analemba mawu amodzi chabe: "Andilemba." Kwa Nelia ndinanena kuti ndalamayo ndatenga ku chilimba cha amayi a kutchalitchi, kumene timasonkherana mwezi ndi mwezi.

A Tembo anabwera Lamlungu, koma sanabwere okha. Pambuyo pawo panali atsikana awiri, Esinati wa zaka zisanu ndi zinayi ndi Tamala wa zaka zisanu ndi chimodzi, aliyense ndi kapulasitiki ka zovala. Anali ana a malemu aja. Mayi awo anamwalira kale.

"Abale agawana ana," anatero a Tembo. "Ife atipatsa awa."

Ndinawalandira, ndinawasambitsa, ndinawapatsa chakudya. Ana amasiye sawafunsa kuti mwabweranji. Koma m'mutu mwanga masamu aja anagwa: pakamwa patatu panasanduka pasanu.

A Tembo analowa m'chipinda chakumbuyo kukaika chikwama. Anakhalitsamo. Potuluka anaima pakhomo.

"Amake Nelia, kunabwera akuba?"

"Iyayi. Ndagulitsa ndine. Khumi."

Ndinawafotokozera zonse, za mayina pakhoma, za Lachisanu, za foni yosalowa.

"Mawu anga aja munawamva?"

"Ndinawamva."

"Ndiye munawaika kuti?"

"Ndinawaika pambali pa mawu a Nelia. Ndinaona kuti ake ali ndi tsiku. Tiyeni mukaone munda, atate ake Nelia."

Kumundako anapita okha. Pobwera nkhope inali itamasukako, pakuti munda umenewo ukanafewetsa aliyense. Anakhala pampando n'kunena kuti, "Mulungu akuthandizeni, chimanga ichi chiche." Ndinamva bwino lomwe kuti anati akuthandizeni, sanati atithandize.

Febuluwale

Mvula yomaliza inagwa sabata yotsiriza ya Januwale. Kenako kumwamba kunayera mbee, ngati m'chilimwe. Chimanga chinali chitangotulutsa ngayaye, nthawi imene chimafuna madzi kuposa nthawi ina iliyonse. Sabata yoyamba masamba ankapota masana, m'mawa n'kutambasuka. Sabata yachitatu analeka kutambasuka. Munda unayamba kununkhira ngati udzu wofolera nyumba.

Masana ena mitambo inkasonkhana cha ku Luangwa, yakuda bii, amayi n'kuthamangira kuanula zovala. Kenako kamphepo kankabwera n'kuimwaza. Kutchalitchi tinapemphera, a mipingo ina anakwera phiri n'kusala kudya masiku atatu. Mphekesera nazo zinamera m'malo mwa chimanga. Ena ankati okumba golide kumapiri ndiwo amanga mvula kuti maenje awo asadzaze madzi. Ena ankati mvula yaikulu ikubwera mwezi ukaoneka. Mwezi unaoneka, unakula, unatha. Meda ya chimanga, kachitini kamene timayezera pamsika, inachoka pa K25 kufika pa K40 mwezi usanathe.

A Tembo sanandikalipire. Bola akanakalipa. M'mawa uliwonse asanapite kumunda ankatsegula chitseko cha chipinda chakumbuyo, kuyang'ana matumba, n'kutseka. Chitseko chimenecho chimalira ukamachitsegula. Kulira kwakeko kunkandipweteka kuposa mawu alionse.

Komabe sindinakhale pansi kugwira tsaya. Ndinaona kuti chimanga chapita, ndipo kulira sikuchiukitsa. Ndinapita kwa amake Kelevini kukapempha mbewu ya kandolo, mbatata imene timagulitsa pamsewu m'nyengo yozizira, ndipo ine ndi Malita tinaunga mizere m'mphepete mwa dambo pamene panali kachinyezi. Anthu odutsa ankaseka kuti tikubzala m'fumbi. M'Malichi kamvula kanabwerako masiku angapo. Kwa chimanga kanali kochedwa, koma kandolo anagwira.

Epulo

Pa maekala asanu aja tinakolola matumba awiri ndi theka. Zitsononkho zake zinali ngati chala, njere zotalikirana ngati mano a nkhalamba. Ena sanalowe n'komwe m'munda, anangotsegulira ng'ombe.

Nelia anabwera kutchuthi ndi buledi ndi kapaketi ka shuga. Tsiku lachiwiri anandipeza ndikupeta kuseri kwa nyumba. Malita anali atamuuza zonse kuchitsime.

"Amama, munati chilimba."

"Ndinatero."

"Mwadyetsa koleji chakudya cha ana. Tamala mwamuona miyendo yake?" Anakhala pamtondo. "Ine ndikusiya. Mnzanga wandipezera ntchito m'shopu ku Kamwala, K1,200 pamwezi. Ndizitumiza unga."

Ndinaika lichero pansi.

"K1,200. Chotsapo nyumba. Chotsapo basi. Chotsapo chakudya chako. Utitumizira chiyani, moni?"

Ndinapitiriza kumufunsa.

"Ndiuze, ukasiya, ngongole ya kolejiyo amakhululuka?"

"Iyayi."

"Ng'ombe ziwiri zija atibwezera?"

"Iyayi, amama."

"Ndiye ukufuna tikhale ndi ngongole, tilibe chimanga, tilibe ng'ombe, tilibenso nesi? Walira mvula walira matope, mwana wanga. Sukulu iyi tinaifuna tonse, matope ake ndi amenewa. Yatsala miyezi isanu ndi iwiri. Njala iyi ndi yanga ndi atate ako. Yako ndi mabuku."

Anapita kwa atate ake, poganiza kuti iwo agwirizana naye, pakuti ankadziwa kuti sitikulankhulana bwino. A Tembo anali kunola nkhwangwa. Anamumvetsera mpaka kumapeto, n'kungoti, "Amako anena." Tsiku lobwerera anagulitsa tambala wawo n'kumupatsa ya basi.

Julayi

Kuzizira kwa chaka chimenecho kunkalowa m'mafupa, chifukwa m'mimba munalibe chotenthetsa. Kuyambira Meyi tinkadya kamodzi patsiku, fifitini awazi dzuwa litapendeka, kuti chakudya chimodzicho chigwire masana ndi madzulo. Ana aang'onowo m'mawa ndinkawapatsa kandolo wophika mmodzimmodzi asanapite kusukulu. Thumba lomaliza ndinalikung'untha sabata yachiwiri ya Julayi. Kuchokera apo tinkagula pa meda.

Mudzi wonse unkagulitsa mbuzi, ndiye ogula ochokera m'tauni ankatchula mtengo akuseka. Mbuzi ya K600 ankati K250, ukakana apite pakhomo lina. Tinagulitsa zitatu. Mabanja ena anatumiza ana aakazi ku Lusaka kukagwira ntchito za m'nyumba. Amuna ambiri anapita kumapiri kokumba golide, ena anabwerako ndi chifuwa chabe.

A Tembo anayamba kutentha malasha, ndiwo makala ophikira. Moyo wawo wonse ankanyoza ntchito imeneyo, ankati ndi kudya nkhalango ya adzukulu. Koma ku Lusaka magetsi ankazima tsiku lonse, ndipo galimoto iliyonse yodutsa inkaima pa thumba la malasha. Ankachoka m'mawa ndi nkhwangwa ndi botolo la madzi, kubwera ali bii, maso okha akuyera. Ine ndi Malita tinakumba chitsime m'dambo n'kubzala ndiwo zamasamba za repu ndi matimati. Madzi ankathawira pansi, ife n'kuwatsatira. Chitsimecho tinachikumba katatu, mpaka munthu akalowamo mutu sunkaoneka.

Temu yachiwiri itayamba, ngongole inakwera kufika K9,500. Loweruka lililonse, tikagula chimanga cha sabatayo, chotsalacho ndinkatumiza ku koleji. Nthawi zina K150, nthawi zina K100. Sabata ina ndinatumiza K40, mtsikana wa pa buthi mpaka anandifunsa ngati sindinalakwitse.

Ba Mwansa anabweranso ndi kanta yawo, koma ulendo uno ankagulitsa, K500 thumba. Mwina mwa matumbawo munali anga omwe. Anandipeza patebulo langa la pamsewu.

"Amai, namvela muli na nkongole ku koleji. Nikupaseni K5,000 lelo, mubweze K7,500 mu Disemba. Ng'ombe zija zibili ndiye chikole."

Sindibisa, ndinakopeka. K5,000 ikanagula chimanga, ikanatsitsa ngongole, a Tembo akanapumako kunkhalango. Koma ndinaganiza za Disembala, mwezi umene munthu wakumudzi alibe ngakhale ya mchere, mwezi womwewo umene ng'ombe zimafunika m'munda.

"Ba Mwansa, ngongole ya koleji ndi yolemera, koma siibereka. Yanuyi imabereka ngati mbewa. Gulani matimati."

Anaseka, n'kugula a K10. Amake Kelevini iwo anatenga K2,000, chikole chake malo awo a m'mbali mwa msewu. Ndinawaletsa, anati ana sangadye malangizo anga. Zinali zoona, ndipo ndinalibe chowapatsa m'malo mwake. Malo amenewo lero pali shopu ya munthu wina.

Ogasiti

Tinamva kuti kukubwera chimanga chathandizo, ndi ntchito yokonza misewu ya m'midzi yolipidwa ndalama. Mudzi unasankha komiti yolemba mayina, ndipo tsiku lowerenga mayinawo tinasonkhana pabwalo la sukulu. Anthu anali ambiri kuposa pamaliro. Amuna anakhala pamabenchi, ife amayi pansi. Ba Cheyamani a komitiyo anawerenga mapepala atatu. Dzina lathu silinamveke.

Ndinaimika dzanja.

"Ba Cheyamani, banja la Tembo mwalidumpha."

"Sitinalidumphe, amake Nelia. Komiti yaona kuti banja lokhala ndi mwana ku koleji, lotumiza ndalama ku Lusaka sabata iliyonse, lili ndi podalira."

Anthu ena anang'ung'udza movomereza. Ndinaimirira, n'kumanga chitenje bwino. Chinthu chimene munthu sachita kumudzi ndi kutchula ndalama zake pagulu, koma tsiku limenelo ndinatchula.

"Mwezi wathawu, pa repu ndi matimati ndapeza K640. A Tembo pa malasha apeza K900. Pa ndalama imeneyo, K450 yapita ku koleji, kumene tili ndi ngongole yoposa K9,000. Yotsalayo yadyetsa anthu asanu, awiri mwa iwo ana amasiye amene mukuwaona apo. Ngati amenewa ndiwo mapezedwe a munthu wolemera, ndiye lembani kuti ndine wolemera. Koma mwana ali ku koleji si nkhokwe. Ndi dzenje limene tikuthiramo, ndipo silinadzaze."

Kenako kumbuyo kunamveka mawu a mayi wina, osaimirira n'komwe.

"Nanga chimanga chanu chinapita kuti? Mkazi wogulitsa chakudya mwamuna ali pamaliro, adye nzeru zakezo."

Anthu anaseka. Zimene mayiyo ananena zinali zoona.

Pamabenchi paja a Tembo anaimirira. Iwo si munthu wolankhula pamisonkhano. Anavula chisoti, manja ali akuda ndi malasha.

"Chimanga chija ndinalamula ndine," anatero. "Ndinaimba foni ndili ku Katete, ndinati gulitsani khumi, mwana alembedwe. Amene ali ndi mawu pa chimanga chimenecho abwere nawo kwa ine. Akazi anga muwasiye."

Anakhala pansi n'kuvala chisoti. Palibe anasekanso. A komiti anagundanitsa mitu kanthawi, kenako ba Cheyamani anati pa chimanga chaulere mayina adzaza kale, koma a Tembo awalemba pa ntchito ya misewu. Sizinali zonse zimene tinkafuna, koma ndalama ya misewuyo ndi imene inatigulira unga miyezi itatu.

Pobwerera tinayenda awiri, iwo patsogolo akukankha njinga, ine pambuyo. Titapitirira nyumba za anthu ndinalankhula.

"Atate ake Nelia, mwanama pamaso pa anthu."

"Ndanama," anayankha osatembenuka. "Koma mukadzachitanso, ndidzanena zoona."

Ndinaseka mpaka ndinagwira mtengo. Iwonso mapewa ankagwedezeka. Kuyambira tsiku limenelo tinayambanso kudyera mbale imodzi.

Okutobala

Dzuwa la Okutobala linaumitsa zitsime zambiri m'dambo, koma changa chozama chija chinkatulutsabe zidebe khumi m'mawa. Matimati anakwera mtengo chifukwa ambiri analibe madzi othirira. Mwezi umenewo ndi umene ndinapeza bwino kuposa yonse, ndipo ngongole inatsika kufika K7,000.

Kenako Nelia anaimbanso. Mayeso omaliza anali mu Novembala, ndipo lamulo linali lakuti wa ngongole salowa m'chipinda cha mayeso.

Ulendo uno panalibe chogulitsa kupatula ng'ombe zolimira. Ine ndi a Tembo tinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kugwirizana kuti zimenezo ayi. Ndinavala chitenje changa cha kutchalitchi, ndinakwera minibasi ya m'mawa, ndinapita ku Lusaka ndekha.

Nelia anandichingamira pageti atavala yunifomu yoyera. Anali ataonda, khosi lili lalitali. Ndinamva pambuyo pake kuti nayenso ankadya kamodzi patsiku, ndipo Loweruka ankaluka anzake tsitsi kuti apeze ya sopo. Anafuna kulowa nane mu ofesi ya zandalama, ndinamuuza adikire panja.

M'katimo munali mayi wa magalasi, wa msinkhu wanga. Anayang'ana pa kompyuta n'kunena kuti, "Amai, balansi ni K7,000. Mwabwela na zingati?"

"Ndabwera ndi K600, ndi foni iyi."

Ndinatsegula mauthenga a ndalama zonse zimene ndinatumiza, n'kuwapatsa foniyo. Anatsitsa ndi chala, Loweruka ndi Loweruka, kuyambira Julayi. Anafika pa K40 ija, anaima, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Muchokela kuti?"

"Ku Chinyunyu, ku Rufunsa. Chaka chino pa maekala asanu ndakolola matumba awiri ndi theka. Sindinabwere kudzapempha kuti mundikhululukire ngongole. Ndalama yanu ndi yanu, ndipo mwaona nokha kuti sindinadumphe sabata. Ndikupempha kuti mwana alembe. Zotsatira zake muzisunge mu kabati yanu mpaka ndidzamalize. Ndikakolola mu Meyi ndidzabwera ndi yonse."

"Nanga mvula ikakana futi?"

"Ndiye muzilandira K40 mpaka tonse tikalambe. Koma mudzalandira."

Anaseka pang'ono, n'kutenga foni yangayo kupita nayo kwa akulu awo. Ndinadikira pafupifupi ola lathunthu. Anabwera ndi kalata yonena zomwe ndinapemphazo, kuti ndisaine. Anatulutsa ka inki ka chidindo cha chala, ine ndinati andipatse bolopeni. Ndinafika Giredi 7, dzina langa ndimalemba ndekha.

Panja Nelia anali ataima pomwe ndinamusiya paja.

"Amama?"

"Pita ukawerenge. Ukalephera mayesowo, usabwere ku Chinyunyu, upitirire mpaka ku Katete."

Anandikumbatira pamaso pa anzake onse, yunifomu yoyera ija n'kuda ndi fumbi la chitenje changa.

Disembala mpaka Malichi

Mvula inabwera, ndipo inabwera yeniyeni. Popeza ng'ombe zathu zinalipo, tinalima sabata yoyamba, pamene ena ankadikira kubwereka kapena kulima ndi makasu alibe mphamvu. Ulendo uno tinamvera wailesi: ekala imodzi tinaika mapira, ina chimanga chocha msanga.

Koma njala imaluma kwambiri munda uli wobiriwira. Ntchito ya misewu inatha, malasha sapsa bwino m'mvula, dimba linamira. Januwale ndi Febuluwale tinadya mango owiritsa, chibwabwa chopanda nsima, bowa. Masiku ena ndinkanamiza ana kuti ndadya kale kwa amake Kelevini. Nelia anali atabwera kunyumba kudikira, ndipo ankapalira nafe. Ku koleji ndinkatumizabe, ngakhale K20. Tsiku limene Tamala anabwera kuchokera kumunda akuthamanga ndi chimanga chachiwisi m'manja, akufuula kuti chakhwima, ndinakhala pansi pomwepo pabwalo.

Meyi

Tinakolola matumba makumi atatu ndi asanu ndi atatu, ndi mapira matumba anayi. Tinagulitsa okwanira ngongole yotsalayo, ndipo ine ndi Nelia tinapita ku Lusaka. Mayi wa magalasi uja anandizindikira ndisanalankhule. Anawerenga ndalama, anadinda lisiti, anatsegula kabati. Nelia anakhoza maphunziro onse.

Sindinganame kuti pepalalo linasintha moyo wathu tsiku lomwelo. Boma mpaka lero silinamuitane. Akugwira ntchito pa shopu ya mankhwala ku Chongwe, K1,800 pamwezi, ndipo akachotsa nyumba ndi chakudya amatitumizira K300, mwezi wabwino K400. Tikawerenga zonse zimene zinapita ku koleji, ng'ombe, mbuzi, chimanga cha zaka zitatu, padzapita zaka zambiri kuti zibwerere. Amake Kelevini amandikumbutsa zimenezi kawirikawiri, ndipo sindiwatsutsa. Chimene ndimawauza n'chakuti K300 imeneyo imabwera mu Febuluwale monga imabwerera mu Juni. Siyang'ana mitambo. Pakhomo pathu sipanakhalepo ndalama yotero chiyambire.

Mwezi wa Meyi womwewo, tikutonola chimanga pabwalo, Malita anatuluka m'nyumba ndi envulopu yakhaki. Anali atakhoza Giredi 12, mayeso amene analemba m'chaka chanjala chomwecho, akuchokera kothirira matimati. Anagwada patsogolo pa atate ake n'kuwapatsa. Munali fomu ya koleji ya zaulimi.

A Tembo anaitembenuza uku ndi uku, anapumira m'mwamba, n'kundipatsira ine. Esinati ndi Tamala analeka kutonola, akutiyang'ana.

Ndinapukuta manja pachitenje, ndinasendeza dengu kuti pakhale malo pamphasa.

"Khala apa," ndinamuuza Malita. "Uwerenge mokweza, pang'onopang'ono, atate ako amve. Yambira pamene alemba ndalama."